Keriya Imene Tinagula pa Nchalo

Foni inalira ndikusamba m'maso, mvula itangodula pang'ono. Anali mkazi wanga Filomena, koma mawu ake anali ofooka moti poyamba sindinamuzindikire. Iye anali kwawo, mudzi wina wa kufupi ndi Marka, kumene anapita kukadikira kwa mayi ake. Mimba ziwiri zoyamba zinachoka, ndipo iyi ndiyo inali itafika mwezi wachisanu ndi chitatu. Anati mutu ukumuwawa ngati wina akuuwaza ndi nkhwangwa, miyendo yatupa mpaka patapata sakulowa, ndipo akayang'ana pakhomo akuona mdima. Kusikelo anali atamuchenjeza kale za kuthamanga kwa magazi. Nditamuuza kuti apite kuchipatala msanga, anandiyankha kuti msewu wa ku boma la Nsanje waduka, chipatala chaching'ono cha pafupi madzi alowa, ndipo njinga za m'mudzimo zina zapita ndi madzi, zina eni ake athawa nazo kumtunda. Foni inaduka asanamalize. Nditaimbanso sinalowe.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa pa sukulu ina pa boma la Chikwawa. Ndinali ndi kagalimoto kakale, kotsika pansi, ka batire yovuta. Ndinathamangira pa Dyeratu kukasaka mlamu wanga Zuze, mlongo wake wa Filomena, amene ankapalasa kabaza pa siteji. Ndinamupeza atabisala pakhonde la sitolo. Anamvetsera osandidula, kenaka anati:

"Galimoto ikathera pamene msewu wadukira, alamu. Kuchokera pamenepo ndi njinga basi. Musaganize kuti pa Nsanje wina akakubwerekani yake kuti mukailowetse m'madzi. Titenge zathu ziwiri, ina ya Filomena, ina ya amayi."

Vuto linayambira pomwepo. Njinga ya Zuze inali imodzi mwa zolemera zija, ya keriya yowotcherera ndi khushoni yokhalira anthu. Yanga inali yakale koma ya mtundu womwewo. Tinayesa kuzilowetsa kumpando wakumbuyo, pamene ndinali nditayala kale matiresi, koma ngakhale titachotsa matayala akutsogolo zinakana kulowa pakhomo. M'buti munangolowa theka la njinga imodzi. Ndiye tinabwezera matayala, tinayala bulangete padenga, n'kuzisanjikiza pamenepo, n'kuzimanga ndi mphira zodula ku machubu, zodutsa m'mawindo.

Sitinapite nazo patali. Titangodutsa Bereu ng'ombe zinalowa mumsewu, ndinaponda buleki, ndipo njinga zonse zinatsetsereka n'kugwera pa galasi lakutsogolo. Pedulo inaboola kabowo ndipo mng'alu unayenda mpaka kumbali yanga. Tinazikankhiranso pamwamba, koma mphira zinali zitanyowa, zikungotanuka. Kuchokera pamenepo mpaka pa Nchalo ndinayenda ngati ndili pa maliro, Zuze atatulutsa dzanja pawindo kugwira chiwongolero cha njinga yake. Denga linkalira pa bampu iliyonse. Tinadziwa tonse kuti mwa njira imeneyi tikafika ku Nsanje dzuwa litalowa, ngati tingafike n'komwe.

Pa Nchalo tinayamba ndi wowotcherera wina wa kuseri kwa msika. Anazungulira galimoto, nagogoda denga, nati akhoza kutipangira keriya ya pamwamba yolimba yonyamula ngakhale matumba a mpunga, koma ayenera kuboola denga, ndipo magetsi anazima dzulo lake mitengo itagwa. Mnzake wa jenereta analibe mafuta. Tinafunsa a minibasi ngati angatinyamulire njingazo ife tizitsata pambuyo. Kondakitala anati iwo akuthera pa Bangula, komanso sanyamuka mpaka idzaze, ndipo m'katimo munali anthu owerengeka okha. Ndinaimbanso foni ya Filomena. Sinalowe.

Wowotcherera uja ndiye anatilozera sitolo ya mayi wina amene ankagulitsa katundu wakale wobwera ndi amuna awo kuchokera ku Joni. Pakati pa mawilo a galimoto, mipando ya ana ndi mafiriji akufa, mayiwo anatulutsa makeriya awiri onyamulira njinga kumbuyo kwa galimoto. Ndinali ndisanaonepo zinthu zotero pafupi. Yoyamba inali yachitsulo chochindikala, ya ngalande ziwiri zoimikamo matayala. Zuze atangoigwira anagwedeza mutu kuvomereza. Koma mayiwo anawerama kuyang'ana pansi pa bampala, nati imeneyo imamangidwa pa chitsulo chokokera ngolo, ndipo galimoto yanga inalibe. Kuti chiikidwe pafunika wowotcherera yemwe uja wopanda magetsi.

Yachiwiri inali ya mapaipi opyapyala, ya manja awiri otulukira kumbuyo opachikapo njinga, ndi malamba a ngowe zokola m'mphepete mwa chitseko cha buti. Zuze anainyamula ndi chala chimodzi n'kundiyang'ana. Mayiwo sanatinamize. Anati imeneyo anapangira njinga zopepuka za masewera, zimene munthu amanyamula ndi dzanja limodzi, ndipo sangalonjeze kuti ipirira njinga zathu pa msewu wa ku Nsanje. Malamba ake anali atayera ndi dzuwa.

Tinakangana pakhonde pomwepo. Zuze ankati tidikire magetsi, kapena tisake jenereta ina, tipange chinthu cholimba kamodzi. Ankati njinga zikakagwera pakati pa msewu tikafika kwa mlongo wake chimanjamanja, ndipo ulendo wonse ukhala wachabe. Ndinkadziwanso kuti njinga yakeyo ndiyo inkadyetsa ana ake, ngakhale iye sanaitchule nkhani imeneyo. Ine ndinkangomva mawu a Filomena akuti akuona mdima. Ndinamuuza kuti cholimbacho palibe amene akudziwa kuti chipezeka nthawi yanji, pamene chofookachi chili m'manja mwathu. Anapotokola lamba limodzi ndi zala, kenaka anati timange. Ndinalipira osanenerera.

Kumanga kwake kunatidyera nthawi. Poyamba tinaiika chadodolido, manja ake akuloza pansi, mpaka mayiwo anabwera kudzaitembenuza. Njinga ya Zuze, pokhala yolemera, tinaipachika pafupi ndi galimoto, yanga kunja. Mapedulo ankakolana ndi masipoko, ndipo tinachita kupinda ziwongolero. Titazisiya, keriya inagwada pang'ono ndipo chitseko cha buti chinalira. Tinaonjezera mphira zathu zija paliponse pamene tinatha. Mayiwo anatifunira ulendo wabwino, koma maso awo anali pa malamba.

Mpaka pa Ngabu zinayenda bwino moti mtima unayamba kutsika. Ndinkayendetsa diso limodzi lili pa kalilole, kuona ziwongolero zikugwedezeka. Pa rodibuloko wapolisi wachizimayi anatiimitsa chifukwa njinga zinali zitabisa nambala ya galimoto. Nditamufotokozera, anatiuza kuti tilembe nambalayo pa katoni n'kuimangirira pa njinga yakunja. Choko ndinali nacho m'thumba la malaya. Anatiuzanso kuti kutsogolo, chakufupi ndi Sorgin, mtsinje wasefukira pamsewu ndipo magalimoto aima kuyambira m'mawa.

Tinaupeza mzerewo uli wautali: malole, maminibasi, ngolo za ng'ombe. Madzi ofiira ankadutsa pamwamba pa tala akukokolola mapesi ndi nthambi. Anthu anali atazika kamtengo m'mphepete kuti aziona ngati akutsika, ndipo aliyense ankapita kukayang'ana n'kubwerako ndi nkhani yakeyake. Sindinazimitse injini poopa kuti batire ikana kulizanso. Dzuwa linatuluka, lotentha la kuchigwa lija, nthunzi ikukwera kuchokera m'matope. Azimayi anabwera ndi chimanga chophika m'mabeseni. Zuze anagula ziwiri, koma changa chinangokhala pa mpando.

Pamenepo m'pamene tinadziwana ndi bambo Semba, mkulu wina wamtali, wa chipewa chamlaza, atakoleka chingwe chachikulu paphewa. Anali atatsika minibasi imene inabwerera. Ankapita kwa Tengani kukasaka ng'ombe zawo, zimene mwana wawo anazisiya kudambo madzi atabwera. Anayamba ndi kuyang'ana keriya yathu, akufunsa Zuze m'Chisena kuti chinthu chimenechi n'cha kuti. Atamva za ulendo wathu anasiya kuseka. Tinawauza kuti akwere nafe, akhale pa matiresi.

Tili chiimire, foni yanga inalira. Inali nambala yachilendo, bambo wina woyandikana ndi apongozi. Anati anthu onse asamukira pa tchalitchi cha pachitunda, ndipo Filomena anakomoka n'kuyamba kuphupha, koma tsopano watsitsimuka. Anafunsa kuti tili pati. Nditatchula Sorgin, anangoti yesetsani. Ndinapita kukayang'ana kamtengo kaja. Madzi anali atatsika ngati chikhatho chimodzi chokha. Ndinaganiza zongoilowetsa galimoto, koma Zuze anandigwira mkono, nandionetsa minibasi ina imene inayesa m'mawa, itapendekeka kumunsi kwa msewu madzi akulowa m'mawindo.

Kenaka kunamveka kuphulika kumbuyo kwathu ngati mfuti, ndipo anthu anabalalika. Linali tayala lakutsogolo la njinga ya Zuze. Linali litalendewera moyang'anizana ndi ekizozi, ndipo nthawi yonse imene injini inkalira linkapsa pang'onopang'ono. Mphira inali itasungunuka, chubu chili panja. Palibe mwa ife amene anaganizako za ekizozi pomanga. Zuze anagwada, nakhudza tayalalo, nachotsa dzanja msanga chifukwa linali la moto. Sanandinene. Anangoti tikaona kutsogolo.

Dzuwa litapendeka pang'ono kuchoka paliwombo, madzi anafika m'maondo, ndipo anyamata a pamalopo anayamba kuolotsa magalimoto ang'onoang'ono mokankha. Ndinazimitsa injini, tinatseka ekizozi ndi pulasitiki, ndipo anatikankha, bambo Semba ndi Zuze atagwirira njinga kumbuyo kuti madzi asazikoke. Madzi analowa pansi pa zitseko mpaka kundinyowetsa mapazi. Kutsidya injini inakana, monga ndinkaopera. Anatikankhanso ulendo wautali ndithu isanatsokomole n'kulira.

Pa Bangula sitinaime. Kuchokera pamenepo msewu unali utadyeka m'malo ambiri, maenje odzaza madzi osadziwika kuya kwake. Ndinkadziwa kuti ndiyenera kuyenda pang'onopang'ono chifukwa cha keriya, koma phazi linkakana. Pa dzenje lililonse njinga zinkadumpha n'kugwera pa manja a keriyayo. Chakufupi ndi Phokera ndinamva phokoso ngati la chikwapu, ndipo pa kalilole ndinaona ziwongolero zikupendekera kumbali. Lamba lina lapamwamba linali litaduka. Pamene ndinkaima, njinga yanga inali itakhukhuzika pa tala, limu lakumbuyo litapindika ngati chipande, masipoko ali mbwee. Ngowe ya mbali inayo inali itapinda mphepete mwa chitseko cha buti, itatsala pang'ono kuchoka.

Ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu. Ndinali ndi njinga ziwiri ndipo panalibe yoyenda. Ndinayesa kuimba nambala ija koma sinalowe. Ndikukumbuka kuti ndinkaganiza za mmene ndikawauzire anthu a ku tchalitchi kuja kuti ndinafika mochedwa chifukwa cha lamba.

Zuze anazungulira njinga zonse ziwiri, akugwira apa ndi apa. Anati yake yafa tayala lakutsogolo lokha, yanga yafa lakumbuyo, ndipo matayala ndi ofanana. Tikachotsa lakutsogolo la yanga n'kuika pa yake, tikhala ndi njinga imodzi yamoyo. Sipanala anali nayo m'kachikwama ka pansi pa chishalo. Anasintha pomwepo, ndipo mafupa a njinga yanga tinawasiya kwa mayi wina wa nyumba ya pafupi. Koma keriya sikanagwiranso ndi lamba limodzi. Bambo Semba anatsitsa chingwe chawo paphewa. Anachikulunga pa mapaipi, nachidutsitsa pa zitseko zonse ziwiri zakumbuyo, nachimanga mfundo m'kati mwa galimoto pamwamba pa matiresi. Anachikoka ndi thupi lonse mpaka keriya inakhala nji.

Pa Tengani, potsika, ndinayamba kumasula mfundo ija kuti ndiwabwezere. Anandiletsa.

"Nkhabe, mwananga. Ng'ombe zikakhala zamoyo zikandidziwa, zikanditsata popanda chingwe. Pitani."

Anatsikira njira ya kudambo, chipewa chili m'manja. Sindinadzamvenso ngati anazipeza.

Pa boma la Nsanje ndinangoima pa geti la chipatala kuwadziwitsa. Namwino wina anati ambulansi zonse zili kunja kukatenga anthu ena, koma tikamubweretsa atilandira nthawi iliyonse. Tinapitirira ndi msewu wa ku Marka mpaka pamene unathera. Mtsinje wotsika kuphiri unali utadya mbali imodzi ya mlatho, tala ili lende. Tinasiya galimoto pamenepo. Zuze anasenza njinga pamutu, ine ndikumugwira lamba wa buluku, ndipo tinaoloka chakumtunda kumene anthu ankadutsira, madzi akufika m'chiuno. Kutsidya anandikweza pa khushoni n'kupalasa. Pamene panali matope tinkatsika n'kukankha, matayala akumata mpaka kuleka kuzungulira, tikuchotsa dothi ndi zala.

Pa tchalitchi panali anthu odzaza, mbuzi, mitolo ya zovala. Filomena anali atagona pa mphasa kumbuyo kwa guwa. Nkhope inali itatupa moti maso ankaoneka ang'ono, ndipo lilime anali atalilumapo. Anandizindikira, koma anandifunsa ngati ndabwera ndi ambulansi. Ndinati ndabwera ndi Zuze.

Pambali pake panali apongozi anga. Chikwatirire ine ndi iwo tinali tisanayang'anizanepo m'maso. Tikakumana panjira mmodzi ankapatuka, polankhula tinkadutsira mwa munthu wina, ndipo kudyera pamodzi kunali kosatheka. Tsiku limenelo nditalowa anakokera chitenje kumaso monga mwa nthawi zonse, nauza Zuze kuti andiuze kuti mwana wawoyo wakomokanso kachiwiri.

Tinamukhazika Filomena pa khushoni chammbali. Sakanatha kudzigwira yekha. Zuze anagwira chiwongolero n'kumakankha, ine ndinamugwira mbali imodzi, ndipo panafunika wina mbali inayo. Apongozi anamanga kamtolo kawo kumsana nabwera. Tinayenda chotero, mutu wa Filomena ukugwera kwa ine, ukugwera kwa iwo, manja athu akukumana pamsana pake. Njinga ikatitimira tinkainyamula ndi munthu yemwe. Panjira anayambanso kuphupha, ndipo tinamugoneka pa udzu chammbali mpaka zitadutsa. Ndinkamuitana dzina, osayankha. Apongozi ankamupukuta thovu ndi nsonga ya chitenje, akuyankhula naye motsitsa m'Chisena ngati akunyengerera khanda.

Pa mtsinje paja azibambo ena amene ankadikira kuoloka anatithandiza. Anabwereka chitseko pa nyumba ina yakugwa, tinamugonekapo, n'kumusenza pamapewa. Pakati pa madzi phazi langa linaterera pa mwala ndipo chitseko chinapendekeka. Ndinamva dzanja likundigwira kolala kumbuyo n'kundikoka. Anali apongozi, madzi ali m'chifuwa, ndipo anandiuza ine mwini, osadutsira mwa wina, kuti ndiponde kumanzere.

Tinamugoneka pa matiresi, pansi pa chingwe cha bambo Semba, mutu uli pamiyendo ya mayi ake. Zuze anakana kutaya nthawi ndi kupachika njinga. Anati tizipita, iye atipeza. Azibambo aja anatikankha, injini inalira, ndipo ndinayendetsa keriya ili yopanda kanthu ikugogoda kumbuyo. Tinalowa pa geti dzuwa likulowa. Anamulandira ndi machira, anamubaya jakisoni pomwepo, ndipo posakhalitsa anandipatsa pepala loti ndisainire opaleshoni. Dokotala anandiuza mosabisa kuti ayesa kupulumutsa mayi, za mwana sangalonjeze.

Kunacha ndili pa benchi ya panja pa wodi, matope atauma m'miyendo. Zuze anali atagona pakhonde atatsamira njinga yake. Zimene ndinkadziwa zinali zakuti Filomena watuluka wamoyo koma sanadzuke, ndipo mwana ali m'chipinda china chimene amuna saloledwa kulowamo. Nthawi iliyonse chitseko chikatseguka ndinkaimirira.

Dzuwa litakwera apongozi anatuluka. Sanabwere kwa ine. Anadutsa n'kupita ku geti, ndipo ndinaganiza kuti akukasaka munthu woti adzandiuze zoipa. Anabwerako ndi chinangwa chootcha chokulunga m'pepala. Anakhala pa benchi yomweyo, pafupi nane, nkhope ili poyera. Anachinyema pakati n'kundipatsa mbali yaikulu.

"Wadzuka, wafunsa za inu. Mwana ndi wamkazi, wamng'ono ngati botolo, koma akuyamwa. Idyani, baba, simunadye dzulo."

Ndinalandira ndi manja awiri. Iwo anayamba kudya mbali yawo, ine ndili pomwepo, ndipo nanenso ndinadya.